Chigayo pa Khoma la Kuchipinda

Jeppe, Joni
5 Malichi 2023

Okondedwa amake Rita,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana athu, Rita ndi Aaron. Ine kuno ndili bwino. Kudya ndikudya, kuntchito ndikupita, palibe choti mude nacho nkhawa.

Musadabwe kuti ndabwerera ku pepala ndi cholembera ngati munthu wakale. Pa foni sitikumvana. Inu mumati ndikukuwa, ine ndimati mukunong'ona, ndipo alamu a Webster, eni foniyo, amaima pambali panu makutu ali tcheru. Nkhani za m'nyumba mwathu zikumveka kwathu ku Ndake konse ine ndisanatsirize kuzinena. Ndapangana ndi a Luckson, dalaivala wa thiraki yopita ku Chipata, kuti azisiya makalata anga pa Kacholola kwa azakhali anu ogulitsa nthochi aja. Yankho lanu muzisiya pomwepo, azilitenga pobwerera.

Munafunsa za ntchito. Timadula miyala ya ziliza. Mwala umabwera wakuda, waukulu ngati chitseko cha tchalitchi, ndipo timaugoneka pansi pa macheka amagetsi ozungulira. Macheka akayamba kudya mwala, mnzako amene waima naye pafupi umangoona milomo yake ikuyenda. Anzanga onse amavala zotsekera m'makutu. Ine sindivala, ndipo n'chifukwa chake bwana wandikonda. Mukudziwa kuti ndinakulira pa chigayo cha malemu atate anga aang'ono, kumene ndinaphunzira kudziwa matenda a injini pongomva kulira kwake. Macheka nawo ali ndi mawu awo. Madzi akachepa amalira mwina, akabuntha amalira mwina, ndipo mwala ukakhala ndi mng'alu wobisika m'kati amasintha mawu asanafike pa mng'aluwo. Ine ndikamva ndimakweza dzanja, makina n'kuima. Bwana akuti sanaonepo khutu ngati langa.

Ndikukhala chipinda chimodzi ndi a Josphat a ku Msanzala, munthu wabwino koma wolongolola. Nyumba yake ili kunsi kwa msewu waukulu wodutsa m'mwamba, ndipo magalimoto sadukiza. Kuseri kuli shopu ya mwini jenereta, imene imalira magetsi akazima, ndipo kuno akuzima tsiku ndi tsiku. Tulo ndi tochepa, koma munthu sabwera ku Joni kudzagona.

Tsopano nkhani yaikulu. Chigayo chathu chija chitheka chaka chino. Mukatha kukolola, a Webster aumbe njerwa. Nyumba ya chigayo igundane ndi nyumba yathu, khoma likhale limodzi ndi la kuchipinda. Chifukwa choyamba ndi akuba malamba ndi dizilo. Chachiwiri n'chakuti ndikadzabwera ndikufuna ndizidzamva injini ndili m'nyumba, ikangotsokomola ine ndadziwa kale.

Mupereke moni kwa onse. Rita alimbikire, mayeso a giredi seveni si masewera.

Ndine mwamuna wanu,
Eustace Daka


Jeppe, Joni
23 Epulo 2023

Amake Rita,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti Aaron wachira chifuwa ndi kuti chimanga chauma bwino. Ine ndili bwino ndithu.

Koma mwandikhumudwitsa pa nkhani ya chigayo. Mukuti inu ndi a Webster mwaona kuti chikakhale kutali, ku mtengo wa mango wa m'mbali mwa njira ya ngolo, chifukwa cha phokoso. Kodi a Webster anayamba asungapo chigayo? Usiku wakuba akadzamasula lamba ku mango kuja, adzamuthamangitsa ndi mbuzi? Phokoso silinaphepo munthu, amake Rita. Ine ndimakhala m'phokoso kuyambira seveni koloko mpaka faifi, ndikaweruka ndipeza lina likundidikira kunyumba, ndipo ndine pano ndikukulemberani. Chigayo chikhale pamene ndinanena. Nkhani imeneyi ndatseka.

Ndikuuzeni zimene zinachitika Lachisanu kuti mudziwe kuti khutu la mwamuna wanu si la masewera. Tinkadula mwala wokhuthala wa chiliza cha anthu olemera. Ndili kuseri ndikutsuka wina, ndinamva macheka akusintha mawu, kulira kwake kukupyapyala. Ndinakweza dzanja, koma amene ankayendetsa makina, mwamuna wa ku Zimbabwe, anali ataweramira mwala, makutu ali otseka. Ndinadumpha matope n'kukamenya batani lofiira. Bwana anatuluka mu ofesi akutukwana kuti ndani wazimitsa. Titayang'anitsitsa tinapeza dzino limodzi la macheka litang'aluka, litangotsala pang'ono kuthothoka. Likanathothoka makina ali pa liwiro, sindikudziwa kuti likanalowa mwa ndani. Bwana anatuma munthu kukandigulira nkhuku ndi tchipisi. Anandigwira khutu pamaso pa onse n'kunena kuti makutu awa ndisadzawatseke, ndiwo alonda a makina ake.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mtima unakana kukhala pansi. Ngozi inapita masana, koma mpaka madzulo unkagunda ngati ndikukwera phiri ndi thumba la thonje. Ngakhale lelo Lamlungu, ndangokhala osagwira ntchito, thiraki ikadutsa pamwambapa mtima ukudumpha. A Josphat akuti ndi tiyi, ndikumwa wambiri. Mwina ndi zoona.

Ndatumiza kangachepe pa foni ya a Webster ka matumba a thonje ndi nsapato za Rita. Zinthu kuno zakwera, buledi ndikudya wa dzulo lake chifukwa amatsitsa mtengo. Thonje musagulitse kwa oyamba kubwera, dikirani muone anzawo.

Ndine wanu,
Eustace


Jeppe, Joni
18 Juni 2023

Amake Rita,

Moni nonse. Kuno kwazizira kwambiri, koma ndili bwino.

Ndiyambe ndi kupepesa. Muuzeni Rita kuti atate ake sanamukwiyire. Tsiku lija pa foni anangondifunsa kuti ndibwera liti, ine n'kumukalipira ngati waba. Nditadula foni ndinakhala pa bedi manyazi atandigwira. Sindikudziwa chimene chikundichitikira masiku ano, ndikupsa mtima ndi zinthu zosapsetsa mtima. Sabata yatha a Josphat anagwetsa supuni pa simenti. Supuni chabe. Ndinadzidzimuka mpaka kutaya tiyi, ndipo ndinapezeka ndaimirira nkhonya ili m'mwamba. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, “ADaka, imwe simuli bwino. Munthu samachita so chifukwa cha supuni.” Ndinawayankha kuti asamale zawo. Sitinalankhulane masiku awiri m'chipinda chimene bedi ndi bedi zimagundana.

Mutu umandipweteka kumbuyo kuno ndikamadzuka, koma ndikamwa panado umaleka. M'makutu mumalira kanthu ngati nyenje ya m'chilimwe. Izi ndangokuuzani, si zoti muuze amayi, mukudziwa mmene amachitira.

Ndamva kuti njerwa mwawotcha ndipo maziko mwakumba pamene ndinanena. Zikomo. Ndikudziwa kuti simunafune, koma mudzandithokoza. A Luckson akubweretsa mtolo: mabulangete awiri, juzi ya Aaron, ndi malamba awiri a chigayo amene ndagula kuno chifukwa ndi olimba kuposa a ku Lusaka. Malambawo muwabise pansi pa matiresi, musawaonetse munthu. A Webster akapita ku Lusaka kukatenga injini, aiyatse pomwepo pa shopu ndipo andiimbire kuti ndiimve. Asadalire maso, utoto umanama.

Ndasiyira pomwepa, jenereta yayamba ndipo maganizo akubalalika.

Wanu,
Eustace


Jeppe, Joni
27 Ogasiti 2023

Okondedwa amake Rita,

Ndili ndi chimwemwe chachikulu polemba kalata ino. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Chigayo chalira! A Webster atandiimbira n'kuika foni pafupi ndi injini, ndinatuluka panja pa shedi misozi ili m'maso. Mawu ake ndi abwino, ndi injini yathanzi. Mukuti anthu akubwera ndi ngolo kuchokera midzi ya kutsidya, ndipo chikulira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndi zimene tinkafuna. Dzina la Daka layambanso kumveka pa chigayo.

Za madandaulo anu ndawerenga. Mukuti mbale zikuyenda zokha pa shelefu, Rita akukawerengera kwa anzake, ndipo inu mutu sukusiyani. Walira mvula walira matope, amake Rita. Mudzazolowera. Ine ndinazolowera.

Pali kankhani kena kakang'ono. A Josphat anandikakamiza kupita ku kiliniki. Ndinkakana chifukwa mukudziwa mmene mapepala anga okhalira m'dziko lino alili, koma iwo anabisa nsapato zanga za kuntchito mpaka ndinavomera. Nesi anandimanga lamba pa mkono, anayang'ana makina, n'kumanganso kachiwiri. Akuti BP yanga ndi 172 pa 106. Anafunsa ngati ndimasuta, ndinati ayi. Mowa, ndinati wa pa Khirisimasi. Mchere, ndinati wa munthu wamba. Kenako anafunsa chifukwa chake ndikulankhula mokuwa m'kachipinda ka anthu atatu. A Josphat ndiwo anayankha, n'kuulula zonse, za macheka, za msewu, za jenereta, ngakhale za supuni.

Mayiyo anasiya cholembera n'kundifotokozera ngati mwana wa sukulu. Akuti diso lili ndi chikope koma khutu lilibe, limagwira ntchito ngakhale munthu ali m'tulo. Phokoso lalikulu likalowa, ubongo umaliona ngati ngozi, monga umachitira munthu akaponda njoka. Umatumiza uthenga m'mitsempha, mtima uthamange, njira za magazi zifinyike, thupi likonzeke kuthawa. Njoka imapita, thupi n'kupuma. Koma phokoso la tsiku ndi tsiku silipita, ndiye thupi limakhala lokonzeka kuthawa miyezi ndi miyezi, mpaka magazi amazolowera kuthamanga. Ndinamuuza kuti ine phokoso ndinalizolowera kuyambira ubwana. Anaseka pang'ono n'kunena kuti amene amazolowera ndi maganizo, mtima suzolowera. Anandipatsanso muyeso: ngati uyenera kukweza mawu kuti akumve munthu amene ungamugwire ndi dzanja, malo amenewo akukudya.

Anandipatsa mapiritsi a mwezi umodzi ndi lamulo loti ndizitseka makutu kuntchito ndi kusamuka chipinda. Kunena n'kosavuta. Chipinda cha phee ku Joni chili ndi eni ake, ndipo si ife. Mapiritsi ndikumwa. Zinazo ndi zonena za anthu a m'maofesi, amene sanaonepo dzino la macheka likung'aluka.

Uzani a Webster kuti azithira girisi Loweruka lililonse, ndipo sefa ya mgaiwa asaisakanize ndi ya ufa woyera.

Ndine mwamuna wanu,
Eustace


Jeppe, Joni
8 Okutobala 2023

Amake Rita,

Moni kwa inu ndi ana. Ine ndiliko.

Ndinayesa zimene nesi uja ananena. Sindinafune kukuuzani, koma palibe wina woti ndimuuze. Mapiritsi atatha ndinabwerera ku kiliniki, ndipo BP inali itatsika pang'ono chabe. Nesi anandifunsa ngati ndikutseka makutu. Ndinanama, iye anadziwa. Ndiye Lolemba lotsatira ndinabwereka zotsekera kwa mwamuna wa ku Zimbabwe uja n'kuvala.

Amake Rita, sindinadziwe kuti mapewa anga amakhala okwera tsiku lonse mpaka pamene anatsika okha. Macheka ankamveka kutali, ngati chigayo cha mudzi wina. Masiku anayi amenewo ndinkaweruka mutu uli wopepuka, ndinadya bwino, ndinasekanso nthabwala za a Josphat zimene sizisekesa. Iwo anati, “Mwaona manje? Nkhope yabwelela. Musakavule futi vija vinthu.”

Lachisanu tinaika mwala wa chiliza cha banja lina, wogoba kale maluwa m'mbali, ntchito ya masabata awiri. Unali ndi mng'alu m'kati. Macheka ayenera kuti analira, anandiitana monga amachitira, koma ine sindinamve. Mwala unagawika pakati ndipo chidutswa chinagwera pansi pafupi ndi phazi la munthu. Bwana sanatukwane, ndipo ndikanakonda akanatukwana. Anabwera, anandivula zotsekera ndi manja ake, anaziika pa tebulo pakati pathu. Anati amene amadziwa kunyamula miyala ndi kutseka makutu ali mazanamazana pa geti m'mawa uliwonse, ena ali ndi mapepala abwino. Iye anandilemba chifukwa cha khutu. Ndisankhe.

Ndasankha. Denga la chigayo likufunika malata mvula isanagwe, Rita akufunika za ku sekondale, ndipo ndikungofuna kugwira ntchito mpaka Epulo basi. Miyezi isanu ndi umodzi si zaka. Chiyambireni kuvula, phokoso likundilowa moposa kale, ngati thupi linalawa mpumulo ndipo tsopano likukana goli. Nthawi zina mtima umaphonya kugunda kamodzi, n'kudikira, kenako n'kumenya mwamphamvu. Ndimaima n'kugwira tebulo mpaka zitadutsa. Palibe amene waona.

Mwalemba kuti mutu wanu ukupitirira, ndipo mukagona mumamva mtima ukugunda m'makutu ngakhale chigayo chitazima. Mawu amenewo ndawawerenga kangapo. Mwina ndi kutentha kwa Okutobala. Muzimwa madzi ambiri. Mukapeza mpata mupite ku chipatala ku Nyimba akakumangeni lamba uja pa mkono, kungoti tidziwe. Chigayo chisaime, ino ndiyo nthawi imene anthu akugayitsa.

Mundipempherere.

Eustace


Joni
26 Novembala 2023

Amake Rita,

Musadzidzimuke poona kuti zilembo si zanga. Akulemba ndi a Josphat, ine ndikunena. Ndili moyo, ndikulankhula, ndikuyenda. Yambani mwamva zimenezo musanawerenge zina.

Ndikudziwa kuti mwakhala mukuimba ndipo a Josphat ankakuuzani kuti foni yanga yawonongeka. Ndine ndinawauza kuti aname. Pa 2 Novembala ndili kuntchito, cha m'ma leveni, ndinamva macheka akusintha mawu. Ndinafuna kukweza dzanja, dzanja linakana. Ndinaliyang'ana lili lende ngati la munthu wina. Ndinafuna kukuwa, pakamwa panatuluka zosamveka. Ndinakhala pansi m'matope amwala, ndipo anzanga anapitiriza kudula kwa kanthawi chifukwa palibe amene akanamva munthu akugwa m'shedi muja. Amene anandiona ndi mwamuna wa ku Zimbabwe uja.

Ku chipatala ndinakhala masiku khumi ndi awiri. Adokotala akuti ndi sitiroko yaing'ono, kamtsempha ka m'mutu kanatsekeka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Akuti ndili ndi mwayi. Ndinawafunsa ngati ndi phokoso landichita zimenezi. Anati sangaloze chinthu chimodzi, pali kusagona, pali nkhawa, mwina pali za kumtundu, koma phokoso la usana ndi usiku linali ngati munthu wokankha ngolo imene ili kale potsetsereka. Anandiyezanso makutu. Lakumanja latha kwambiri, lakumanzere latsalako. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma changa chinaimba chaka chonse, ndipo ine wa khutu lotchuka ndine ndinali wosamva.

Ntchito yatha. Bwana anatumiza zovala zanga m'pepala la pulasitiki.

Koma chimene chandilembetsa kalata ino si zanga. Nditatuluka ndinapeza kalata yanu ikundidikira, ija munalemba mutabwera ku Nyimba. Mukuti anakumangani lamba kawiri, anapeza 158 pa 98, ndipo anafunsa ngati kunyumba kuli mavuto. Inu munayankha kuti kulibe, kuli chigayo chokha. Amake Rita, inu simunadwalepo BP ngakhale muli ndi pakati pa ana onse awiri. Mwakhala miyezi itatu mukuphika, kuchapa ndi kupuma masana mutatsamira khoma limene ine ndinalamula ndili kutali. Munandiuza mu Epulo. Munandiuzanso mu Ogasiti, ine n'kukuyankhani ndi mwambi.

Chigayo chiime lelo lomwe mwalandira kalata ino. Musadikire kuti a Webster atsirize matumba amene ali pamzere. Anthu akadandaula muwauze kuti mwini wake walamula, akagayitse kwina. Mapiritsi amene anakupatsani muzimwa osadumphitsa.

Ndatopa, lilime likulemera. Ndidzalembanso ndekha dzanja likalola.

Eustace

Amai, ndine Josphat nalemba apa pansi, beve sadziwa. Osayopa maningi, akudya ndipo ayenda na ndodo pang'ono pang'ono. Koma kuno sangankhale, chipinda chathu muchidziwa mbili yake. Dzulo thilaki inaliza huta pamwamba apa, anagwila pamtima nkhope yonse yasintha. Nakamba na aLuckson kuti abwele nao pa ulendo wa pa 15 Disembala. Kalata yanu ija anailila maningi, anaisunga m'thumba la shati.


Jeppe, Joni
9 Disembala 2023

Consolata mkazi wanga,

Zilembo zokhotakhotazi ndi zanga. Ndayamba m'mawa, ndipo ndikupuma mzere uliwonse. Ndikhulupirira uli bwinoko. Ine ndikulimba.

Uthenga wako a Webster anaupereka kwa a Josphat. Akuti chigayo chinaima, mutu wako wayamba kupepuka, ndipo Aaron wasiya kulira podzuka. Koma akutinso iwe ukudandaula kuti popanda ntchito yanga ndi popanda chigayo tidya chiyani, ndipo ukuganiza zochiyatsanso masiku atatu pa sabata, uzipirira. Ayi. Kupirira kumeneko ndakuyesa ine, ndipo malipiro ake ndi dzanja ili likulephera kugwira cholembera. Mmodzi akwanira pa nyumba imodzi.

Chigayo sitigulitsa, tichisamutsa. Ndikudziwa kuti mvula yayamba ndipo si nthawi yomanga. Ndikudziwa kuti tidzakhala miyezi chili chete, ndipo anthu adzaseka kuti a Daka amanga n'kugwetsa chaka chimodzi. Aseke. A Webster agwetse makoma atatu aja mosamala, njerwa zomwezo ndi malata omwewo zikagwira ntchito. Za akuba ndaganiza. Lamba tizimasula madzulo n'kubwera naye kunyumba, dizilo chimodzimodzi. Zinali zosavuta chotero kuyambira pachiyambi.

Malo ake usankhe ndiwe, ndipo uchite motere asanamasule injini. A Webster aiyatse komaliza, athiremo chimanga kuti ilire mmene imalirira pa ntchito. Iwe utenge Rita, muyambire pa khoma la kuchipinda, muziyenda kulowera ku mtengo wa mango uja unanena. Muziyenda mukucheza ndi mawu a m'nyumba, osakweza. Pamene muyambe kumvana bwinobwino musaime, pitirirani. Mukafika pamene mungamve njiwa ikulira m'tchire injini ili m'kati mogaya, pamenepo ukhome chikhomo. Ngati ndi kupitirira mango, kupitirire. Ndikanakonda kuyeza ndekha, koma khutu limene ndinkanyadira lija silingathenso. M'mutu mwanga macheka sanazime, akulirabe ngakhale pano.

Tinyamuka pa 15, ndipo a Luckson akuti tikadutsa bwino pa malire tifika pa Kacholola pa 19 masana. Usabwere ndi anthu ambiri. Ndaonda, ndipo pakamwa papotoka pang'ono, uwauziretu ana kuti asaope. Katundu ndilibe, ndi chikwama chimodzi chomwe ndinapita nacho.

Ukadzandiona usadzakweze mawu ngati mmene ndinkakuuzira pa foni. Tsopano ndadziwa kuti sunkanong'ona. Udzaime kumanzere kwanga, kumene kwatsala khutu, ndipo udzandiuze pang'onopang'ono zonse zimene unkanena chaka chino. Ndidzamvetsera.

Ndine mwamuna wako,
Eustace